Msomali ndi Chitini cha Kondensi

Lachiwiri, 27 Meyi 2025

Ine ndine Halidi Mwamadi wa ku Mbulumbuzi, wokhoma zitini pamsika. Zaka zanga ndi 78 malinga ndi chiphaso. Mwina n'zoposa pamenepo, chifukwa amene ankalemba chiphasocho anangondiyang'ana kumaso. Kusukulu sindinapiteko. Dzanja likulemba apali si langa, ndi la aphunzitsi a Nikodemo a ku Ndunde, amene agona bedi loyandikana ndi langa mu wodi ya amuna. Anagwa pa njinga ya kabaza n'kuthyoka ntchafu, ndiye mwendo wawo aumangirira chingwe chokoka ndi chitsulo cholemera. Sangandithawe. Ndawauza kuti alembe monga ndikuyankhulira, asakometse.

Kope ili ndi lanu, achemwali anga a Jamila, ku Kawale uko ku Lilongwe. Ruqaiya mwana wanu akuwerengerani. Pa foni sitimvana, inu mumayankhula nokha mpaka mayunitsi athe. Papepala simungandidule.

Chandibweretsa ndi ichi: chakudya chikukana kutsika. Zinayamba mvula ili pakati. Nyama inayamba kuima pachifuwa, kenako mbatata, kenako nsima. Tsopano phala nalo likumabwerera. Andikweza pa sikelo, makilo 46. Andiika diripi padzanja lamanzere, atenganso magazi timabotolo tiwiri.

Mu loka mwanga muli jekete, tasibihi ya mikanda yopempherera, msomali wa mainchesi atatu, ndi zitini ziwiri za mkaka wa kondensi.

Lachitatu, 28 Meyi

Tsiku la muno limayamba ndi ndowa. Okolopa amalowa m'mawa, magadiyani onse panja, kenako anamwino amadutsa ndi kangolo ka mankhwala. Adokotala amazungulira cha m'ma 9. Gadiyani wanga ndi Hidaya, mwana wanga wachiwiri. Amagona ku shedi ya magadiyani, amaphikiranso komweko. Lero wandiphikira phala la mpunga, walisefa pa kansalu. Masupuni atatu atsika, yachinayi yabwerera.

Ndiye ndatsegula chitini choyamba. Msomali pamphepete, kugogoda ndi chidendene cha nsapato, bowo limodzi uku, lina kutsidya. Ndathira pang'ono m'kapu ya madzi ofunda. Zatsika zonse mwakachetechete, ngati munthu akulowa m'nyumba mwake. Mabowowo ndatseka ndi timitengo ta machesi, chitinicho ndachikhazika m'mbale ya madzi kuti nyerere zisawoloke.

A Sisita Patricia, namwino wamkulu wa wodi ino, andiona. Afunsa ngati ndili ndi matenda a shuga, ndati munapima nokha dzulo. Ayang'ana pa fayilo, ati imwani agogo, koma nsapato musamagogodere pa loka ya boma. A Nikodemo ati munthu wa ndevu zoyera kumayamwa mkaka wa makanda, kwawo akanamuseka mudzi wonse. Ndati anthu amene amaphika kalongonda tsiku lathunthu kuti asawaphe asandiphunzitse za chakudya. Alemba, koma akuti alemba mokakamizidwa.

Lachinayi, 29 Meyi

Ekisire. Andimwetsa zoyera ngati laimu wopaka nyumba n'kundijambula zikutsika. Adokotala athu ndi mayi wochepa thupi koma wa mawu omveka. Andionetsa chithunzicho pawindo. Njira ya kummero yayamba yotakata, kenako yapanikizika mpaka kutsala ngati ulusi, kutalika kwake ngati chala changa chapakati. Ndawauza kuti ndazindikira, ndi mmene umakhalira mlomo wa kheni yothirira kudimba ukagwira dzimbiri. Makheni ndakhoma zaka makumi asanu. Aseka, ati ndi momwemo, koma chimene chatsekacho akufuna akachione ndi kamera kuchipatala chachikulu cha m'tauni Lachiwiri likudzali.

Bipi ati ili bwino. Magazi ndi ochepa pang'ono. Diripi yachitatu.

Lachisanu, 30 Meyi

Kunja kuli chiperoni, phiri silikuoneka. Ndaswali chokhala pabedi.

A Nikodemo andifunsa kuti chikondi cha chitinichi chinayamba liti. Ndati lembani, eni ake a nkhaniyi akamve.

Achemwali, mukukumbuka. Ababa ankasoka pakhonde la sitolo ku Limbe, kumudzi ankabwera kamodzi pamwezi, pa njinga ija ya belu losalira. M'thumba la jekete munkakhala chitini chimodzi. Ankaboola okha, ife ana asanu pamzere, aliyense kuyamwa kamodzi iwo akuwerenga mpaka katatu. Chotsala chinali cha tiyi wa amayi.

Tsono chaka chija, ine ndili ndi zaka eyiti, inu teni, ababa anafika atatopa, chitini anachibisa m'dengu la nandolo kuti adzatsegule mawa. Ife tinachipeza. Inu munazula msomali pachitseko. Mumakana mpaka lero, koma ndinu. Tinapita kuseri kwa nthochi, munaboola bowo limodzi. Tinayamwa, osatuluka kanthu. Ine kuyamwa, inu kuyamwa, kulandizana, kadontho kokha pa lilime. Inu munati chaola ichi, tikachiponye m'chimbudzi asanadziwe. Ine ndinakana, ndinachikumbatira.

Ababa anatigwira ndi milomo. Tonse awiri tinali ndi mkombero wofiira pakamwa, wotupa. Sanatimenye. Anatenga msomali womwewo n'kuboola kutsidya, mkaka n'kuyamba kuyenda wokha. Anati chinalibe popumira. Kenako anatilamula kuti timwe mpaka chithe, ife awiri, azing'ono athu akuonerera. Mawa lake tinkapikisana njira ya kuchimbudzi. Chitini chopanda kanthucho anandipatsa ine, ndinakhomera koloboyi wanga woyamba, wopindika, wotulutsa utsi kuposa moto. Ntchito yanga inayambira pamenepo.

Mkaka wa ng'ombe ndamwapo, wa ufa ndamwapo, uchi ndanyambitapo. Sizifika. Ruqaiya, iwe unandiuza chaka chatha kuti kondensi ndi shuga yekhayekha, samanga thupi. Chabwino. Thupi losamangidwalo ndi ili lafika zaka 78.

Lolemba, 2 Juni

Makilo 45. Phala lakaniratu. Kondensi wosungunula akutsikabe, theka la kapu m'mawa, theka masana.

Bedi la kutsidya kuli a Mikaele a ku Mauwa. Anafa ziwalo mbali imodzi, sayankhula, amawadyetsera pa chubu cha m'mphuno. Hidaya akuti ku shedi magadiyani amanong'onezana kuti munthu akamulowetsa chubu ndiye kuti yambani kufunafuna matabwa. Ndamuuza kuti aziphika, manong'onong'o awasiyire eni ake.

Mawa m'tauni. Ati ndisamwe kanthu, ngakhale wa m'chitini.

Lachitatu, 4 Juni

Dzulo sitinalembe. Tinapita pa ambulansi odwala anayi. Kumeneko anandipopera mankhwala owawa kukhosi n'kulowetsa chingwe chakuda cha kamera. Sizokoma. Anadulako kanyama kokapima.

Lero adokotala akhala pabedi langa, afunsa ngati ndikufuna Hidaya akhalepo. Ndati akhale. Ati zotsatira za kanyama zichedwa, koma maso awo aona kale, ndi khansa ya kummero, ndipo yakula moti kuidula sikungatheke. Chimene angachite ndi kundiika kapaipi ka waya woluka pamalo otsekekawo. Ndapempha kuti ndikaone. Andionetsa pa foni. Ndafunsa kuti kalowa bwanji pa njira ya ulusi. Ati kamalowa kali kofinyika, kakafika pamalo pake kamadzitambasula kokha. Ndati mmisiri amene anaganiza zimenezo ndikanakonda kumugwira chanza.

Sanandinamize. Anati, "Bambo, kapaipi sikachiza. Kangotsegula njira kuti muzimeza."

Ndafunsa kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Ati miyezi, koma sangaiwerenge. Ndati miyezi yomeza ndi miyezi yolavula si chimodzimodzi, ndilembeni. Malo alipo m'tauni momwemo Lachinayi la pa 12. Padzafunika kusaina pepala lovomereza.

Hidaya walira. Ine ndinali ndikuganizabe za waya uja, kuti m'mphepete mwake anapinda bwanji kuti asabaye.

Madzulo Hidaya wakuimbirani. Foni inali pakhutu pake, koma mawu anu ndimawamva ndili pano.

Lachinayi, 5 Juni

A Mikaele amwalira m'mawa, okolopa atangotuluka. Azimayi awaperekeza ndi nyimbo pakhonde. Akazi awo akuti ndi chubu chija. A Nikodemo akuti chubu chija n'chimene chinawasunga masabata atatu. Ine sindinalowerere. Bedi alipukuta, pofika masana pagona wina.

Lachisanu, 6 Juni

Wafika Nasir, mwana wanu wamkulu, ndi uthenga wanu. Wandipatsa salamu mwaulemu, wagwada, koma maso ali pa diripi. Asanalowe muno anali atadutsa kale ku shedi, nkhani ya a Mikaele magadiyani anali atamuthira nayo m'makutu.

Uthenga ndaumva wonse. Mwati chitsulo chisalowe m'thupi mwanga. Mwati amene amaikidwa mapaipi satuluka ndi miyendo yawo. Mwati nditengedwe ndikagone pamphasa yanga, abale ali pafupi, shehe ali pafupi, ndipo munthu sapita kumanda ndi waya pachifuwa. Nasir wapita kwa a Sisita kukanena kuti ife eni ake takana, pepala sitisaina. Wabwerako ngati munthu amene wamaliza ntchito.

Hidaya wangotenga mbale n'kupita kukatsuka. Ndikumumvetsa. Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi ake. Pa matenda anga iye ndi wophika ndi wochapa, koma mawu ndi a inu achemwali ndi ana anu, mbumba yanga. Atati avomere iye, ine n'kufa, mudzamuloza chala mpaka ukalamba wake. Mwambowo ndikuudziwa, ndauyendetsa ndekha zaka makumi anayi. Milandu ya ana anu onse ndinkakamba ndine. Sindinkadziwa kuti tsiku lina mudzakhala pabwalo kukamba za khosi langa, ine mwini wake osafunsidwa.

Loweruka, 7 Juni

Idi yozinga mbuzi. Wodi yonse ikununkhira mpunga wa mafuta ndi nyama. Abwera anzanga a ku mzikiti ndi Shehe Taufiq, mbale zitatu. Ndatenga kanthuli, ndatafuna mpaka kukoma kwatha, ndalavulira m'pepala. Zotsalazo adya a Nikodemo. Akuti kuyambira lero akuganiza zolowa Chisilamu kamodzi pachaka.

Ndawafunsa ashehe za waya, Nasir ali pomwepo. Ati kufuna mankhwala n'kololedwa, ndipo amene analenga chitsulo sangadabwe kuchipeza pachifuwa cha kapolo wake. Nasir wati zimenezo akauze amayi ndani. Ashehe ayang'ana kudenga. Achemwali, ngakhale ashehe amakuopani.

Chitini choyamba chatha lero. Kapu yomaliza yatsika theka, theka yabwerera. Chachiwiri sinditsegula. Ndachiika pamwamba pa loka pomwe ndingachione. Ndidzachiboola njira ikatseguka, osati kuti ndizichiwononga m'beseni.

Lamulungu, 8 Juni

Madzi nawo akubwerera. Makilo 43. Diripi aisamutsira kudzanja lamanja.

Lolemba, 9 Juni

Malovu omwe sakutsika. Hidaya wadula chivundikiro cha chitini choyamba chija, ndikulavuliramo. Mankhwala oletsa ululu ayamba kundibaya, poti akumwa sakudutsa.

Nasir wapeza galimoto, ibwera Lachitatu kudzanditenga.

Mawu achepa. Aphunzitsi, tsekani kope.

Lachiwiri, 10 Juni

Lero ndili ndi mphamvu pang'ono, ya mkwiyo.

Adokotala pozungulira ati amva kuti banja lakana, ndiye akufuna amve kwa ine asanapereke malo anga kwa wina. Ndafunsa kuti kodi khosi likakhala la munthu mmodzi, pepala limafuna anthu angati. Ati munthu wamkulu wa mutu wake wabwinobwino amasaina yekha, gadiyani amasainira amene sangathe kuyankha. Andifunsa tsiku la lero, dzina la mudzi wanga, ndiponso kuti ndibwereze zimene kapaipi kadzachite ndi zimene sikadzachita. Ndabwereza zonse. Anenanso zoopsa zake: kutuluka magazi, kubooka kwa njira, kupweteka pachifuwa, kapaipi kusuntha. Ndati ndamva. Chitsulo ndakhala nacho moyo wanga wonse, chandichekapo, chandiwotchapo, koma chimenechonso ndi chimene chalera ana anga.

A Sisita Patricia abweretsa inki. Chala changa chachikulu chinasalala ndi malata ndi mtovu wowotcherera, mizere inatha kalekale. Kudinda koyamba kwangotuluka chibanga. Kachiwiri chimodzimodzi. A Sisita ati agogo, chala ichi mwachitani nacho. Ndati ndadyera. Kachitatu ndakanikiza chammbali, kwaoneka. A Nikodemo asaina ngati mboni, ndi siginecha yopotanapotana ngati akusaina malipoti a ana asukulu.

Tsono apa lembani bwino, aphunzitsi, ndi zilembo zazikulu ngati n'kotheka. Hidaya panalibe. Anali kumpopi akuchapa zofunda zanga. Sanandinyengerere, sanandigwire dzanja, wamva zitatha. Nasir anali kumsika. Chala ndi changa. Zikavuta Lachinayi, wina asadzaloze mwana wanga.

Lachitatu, 11 Juni

Galimoto inafika cha m'ma 10. Nasir analowa ndi chikwama, anayamba kulongedza osandiyang'ana. Jekete, bulangeti, tasibihi. Anatenganso chitini changa pa loka, ndi msomali womwe, n'kukasiya zonse kugalimoto. Atabwera anati amalume tiyeni, a Sisita achotse diripi.

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Anati dalaivala akudikira. Ndinati dalaivala si mphwanga, khala pansi. Anakhala. Munthu wa zaka 51, wa imvi m'ndevu, koma anakhala.

Ndinamufunsa ngati anamuuzapo mmene anabadwira. Anati ndi opaleshoni, aliyense amadziwa. Ndinafunsa kuti anavomereza ndani. Anati sakudziwa, kapena bambo ake. Ndinati bambo ako anali ku migodi ku Joni, za kubadwa kwako anamva pa kalata patapita miyezi iwiri.

Achemwali, zimene ndinamuuza ndi izi, ndipo ngati ndanama pena mutsutse. Chaka cha 1974 munakhala masiku awiri kwa azamba, mwana osabwera. Tinakunyamulani pa machira mpaka kuchipatala cha masisitere, ine kutsogolo. Kumeneko anati palibe njira ina koma kung'amba, ndipo inu munali mutasiya kuyankha. Amalume athu anakana. Anati mkazi wong'ambidwa sabwerera, tibwerere naye akafere kwawo, abale ali pafupi. Mawu omwewa amene mwanditumizira sabata yathayi, sanasinthe ngakhale pang'ono. Akuluakulu anakhala pansi pa mtengo kudikira machira. Ine, mnyamata wa zaka 27 wopanda mawu pabwalo, ndinazungulira kukhomo lakumbuyo n'kukadinda. Amalume sanandiyankhule chaka chathunthu.

Ndinamuonetsa chala, inki ya dzulo isanachoke.

"Chala ichi chinadindira iwe. Dzulo chadindira mwini wake. Pepala lapita kale."

Anayang'ana chalacho. Kenako anati, "Nanga mukakatsalira komweko, amayi ndikawauza chiyani?"

"Ukawauze kuti unayesa kundinyamula, ndinakuluma."

A Nikodemo anati iwo achitira umboni, mano anawaona. Nasir sanaseke. Anati inu amalume simukuwadziwa amayi, chiyambire Lachitatu lija sakudya, akungokhala pakhonde ndi foni m'manja. Akuti mwa ana asanu mwatsala awiri, ndipo sakufuna kuti mlongo wawo akathere patebulo la anthu achilendo.

Zimenezo zinandilowa. Sindibisa. Ndinamuuza kuti ndikudziwa kuti si nkhanza, ndi mantha. Koma kumudziko ndikafa ndithu, ndi ludzu, madzi ali m'kapu pambali panga, inu nonse mukuonerera. Imfa sindikuikana, ndi ya Mwini wake. Ndikukana kuyamba kufa tsiku lisanakwane.

Anatuluka. Anakhalitsa kunjako, ine n'kumaganiza kuti wapita ndi chitini changa. Pofika nthawi ya swala ya masana anabwera ndi chikwama. Anatulutsa chitini n'kuchibwezera pa loka, msomali pambali pake. Anati galimoto yapita, ndipo mawa mu ambulansi akwera iyeyo, Hidaya apume. Foni yake inalira kanayi m'thumba. Sanayankhe. Musamukalipire, ndinamuletsa ndine.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilipo.

Dzulo anandigoneka chammbali, jekeseni padzanja, zina sindikuzidziwa. Ndinadzuka pachifuwa pakupweteka ngati wina wagwadapo. Tinabwerera kuno madzulo. Nasir akuti nthawi yonseyo anaima pakhomo, anakana mpando.

Lero m'mawa a Sisita andipatsa madzi pa supuni. Ndameza. Ndagwira chitini cholavulira, kudikira kuti abwerere. Tadikira tonse, Hidaya, Nasir, a Nikodemo atatukula mutu. Sanabwerere. Ndinawamva akuzizira mpaka m'mimba. Supuni yachiwiri, yachitatu, mpaka teni.

Malamulo a adokotala, alembedwe kuti Hidaya asaiwale. Lero madzi okha ndi tiyi. Mawa zamadzimadzi. Kenako phala ndi zofewa. Kudya nditakhala tsonga, pang'onopang'ono, kutafuna kwambiri. Nyama ya mitsempha ayi, buledi ayi, mango a ulusi ayi. Ndikatha kudya ndizimwa chakumwa cha gasi pang'ono kuti chitsuke kapaipi. Pogona mapilo awiri. Ndafunsa za kondensi. Ati mawa, ndipo anenanso kuti pa makilo 42 chilichonse chonenepetsa ndi mankhwala. Ruqaiya, pamenepa uwerenge kawiri.

Loweruka, 14 Juni

Ululu wachepa. Mankhwala oletsa ululu tsopano ndi akumwa, amadzi, maola anayi alionse.

Chitini ndachitsitsa cha m'ma 10. Ndaika msomali, ndatukula nsapato, koma mphamvu palibe. Ndagogoda katatu, chitini changopindika pang'ono. Zaka makumi asanu ndi nyundo, lero kulephera kachitini. Ndamupatsa Nasir.

Wachiika pansi, poopa loka ya boma, wagogoda kamodzi, wapukuta ndi mpango, wandipatsa ndi manja awiri. Ndati Bisimila, ndaika pakamwa, ndayamwa. Osatuluka kanthu. Ndayamwanso. Ndaganiza kuti mpweya wandithera, mphamvu yoyamwira nayo yapita. Hidaya wayamba kale kudzuka kuti akaitane a Sisita. Ndiye ndachitembenuza chitinicho kuchiyang'ana pamwamba.

Bowo limodzi.

Achemwali, ndaseka mpaka pachifuwa pabaya, a Sisita abwera kudzandiletsa. Nasir wangoti kukamwa yasa, akufunsa kuti walakwa chiyani, iye kwake amagula mkaka wa m'mapepala. A Nikodemo, poti nkhani ija analemba okha, agwetsa cholembera. Ndamuuza kuti palibe chimene walakwa, wangoonetsa kuti kuchipatala kuja sanamusinthanitse, ndi mwana wa mayi ake.

Waboola kutsidya. Mkaka wabwera wokha, wolemera, wotsekemera mpaka m'makutu. Sindinasungunule. Ndameza, watsika pang'onopang'ono, wadutsa pa waya, wafika. Ndawerenga mpaka katatu monga ankachitira ababa, kenako ndapitiriza, poti owerengawo kulibe.

Ndapatsako Hidaya, ndapatsako Nasir. A Nikodemo ayamba akana, kenako ati angolawa kuti alembe zoona. Abweza chitini chitapepuka.

Lolemba, 16 Juni

Makilo 42 ndi theka. Theka limenelo ndi langa, ndalipeza ndekha. Dzulo phala la mpunga mbale yonse. Lero dzira lofewa ndi mbatata yokanya.

Anditulutsa masana ano. Mankhwala ndizikatengera ku chipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo kuli anamwino oyendera odwala ngati ine. Adokotala abwerezanso kuti chotupacho chilipo ndipo chizikulabe. Ndati ndikudziwa, kheni yowotcherera si yatsopano, koma imathirira. Ndikupita kumudzi monga munafunira, achemwali, pamphasa yanga, abale ali pafupi. Kusiyana kwake n'kwakuti ndikupita ndikumeza.

A Nikodemo atsala muno masabata ena awiri. Chitini cholavulira chija Hidaya wachitsuka ndi madzi otentha, ndikachikhoma koloboyi, ndidzawatumizira. Akuti kwawo ali ndi magetsi a dzuwa. Alandira basi.

Nasir akwera basi mawa. Ndamupatsira kope ili, chitini chatsopano chosatsegula chimene wandigulira Hidaya, ndi msomali wanga. Kunyumba ndili nayo yambiri. Akuti simukudya. Yambani ndi chimenechi, ndipo muboole pawiri.

Mukatha, mundiyankhe. Osati pa foni. Kumapeto kwa kope lino kwatsala masamba asanu ndi limodzi, Ruqaiya alembe mmenemo monga mukuyankhulira, asakometse, Hidaya adzandiwerengera. Ngati n'kukalipa, kalipani masamba onsewo, ndimva. Ngati miyendo ikulola, bwerani nalo nokha kopeli, koma musadikire mvula, miyezi yanga adokotala sanaiwerenge. Ndipo penapake m'masambamo, mwana wanu akumva, munene amene anazula msomali pachitseko.

Ndine mlongo wanu,
Halidi